Kodi Kapu Yanu ya Nandolo Imalemera Bwanji?

Mwezi ndi mwezi amayi a kuno ku Luchenza amapita ndi ana awo ku sikelo, ndipo ife a zaumoyo timalemba makilogalamu a mwana aliyense m'kabuku kake mosamala. Koma mwana akapezeka kuti sakukwera sikelo, timangoti, "Mayi, muzimpatsa zakudya zomanga thupi." Tsiku lina pa chipatala china chaching'ono ndinamva mnzanga wa ntchito akuwerenga papepala kuti mwana adye magalamu 50 a nandolo. Mayi wina wothyola tiyi anaimika dzanja nati, "Pepani adokotala, magalamuwo ndi angati pa kapu yanga?" Mnzangayo anakhala chete. Ine, ndi dipuloma yanga yonse, ndinakhalanso chete.

Mayiyo sanalakwe kufunsa. Olakwa ndife, chifukwa kukhitchini kulibe sikelo. Kuli kapu, chitini ndi mbale, ndipo malangizo osalankhula za ziwiya zimenezi amathera pakhomo la chipatala.

Tsono vuto ndi lakuti makapu safanana kukula. Njira yodziwira kapu yanu nayi. Tengani botolo la galasi la Coca-Cola kapena Fanta lolembedwa 300 ml, litsukeni, thiranimo madzi kulekeza pamene pamalekezera chakumwacho, kenaka khuthulirani madziwo m'kapu imene mumayesera ndiwo. Pamene madzi afika, ikanipo chizindikiro. Nandolo wouma wofika pa chizindikirocho amalemera pafupifupi magalamu 250. Kotero makapu anayi otere ndiwo kilogalamu imodzi. Muyeso umenewu ndi wosalaza pamwamba, osati wa mulu monga amachitira ogulitsa pamsika pofuna kukopa wogula.

Musaganize kuti chilichonse cholowa m'kapuyo chimalemera chimodzimodzi. Madzi amalemera magalamu 300, koma ufa wa mgaiwa ndi wopepuka, umangofika pafupifupi magalamu 150.

Chimene chimanyenga ambiri ndi kusiyana kwa nandolo wouma ndi wophika. Nandolo akamaphikidwa amamwa madzi ambiri nafufuma, koma madziwo saonjezera chakudya chilichonse. Magalamu 100 a nandolo wouma ali ndi magalamu oposa 20 a zomanga thupi, pamene magalamu 100 a nandolo wophika ali ndi pafupifupi 7 okha. Kapu ya wophika ili ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi a zomanga thupi zimene zili m'kapu ya wouma. Choncho mlangizi akakuuzani muyeso, mufunseni ngati akunena za wouma kapena wophika. Musaope, ndi ntchito yake kukuyankhani.

Tiwerengere limodzi. Banja la anthu asanu likaphika kapu imodzi ya nandolo wouma n'kugawana mofanana, aliyense amalandira magalamu 50 aja, ndipo zomanga thupi zake zikuyandikira za mazira awiri. Koma kodi ndi nyumba zingati zimagawana mofanana? Ndayenda m'midzi ya ku Thyolo ndi m'malaini a m'maesiteti, ndipo kawirikawiri ndimaona mbale ya abambo itadzaza nandolo, mwana akusunsa nsima mu msuzi wokha. Amati nandolo amatupitsa mimba ya mwana. Chimodzi mwa zovuta m'mimbamo ndi makoko, ndipo agogo athu anathetsa kale nkhaniyi pophika chipere. Chotsani makoko, phikani mpaka afewe, potani ndi mthiko, ndipo mwana woti wakwanitsa miyezi 6 angathe kudya m'phala lake kwinaku akuyamwabe.

Kapu yomweyo idzakuthandizaninso pa malonda. Mukamagulitsa nandolo wanu kwa mavenda, yambani mwayesa kunyumba. Ngati mwathira makapu 40 m'thumba, ndiye kuti mwanyamula pafupifupi makilogalamu 10, ndipo sikelo ikanena 7 muli ndi chifukwa chokanira. Musanagulitse, patulani makapu a ana anu okwanira kufika nyengo yokolola ina.