"Basi inali itanyamuka": malo a Cinyanja m'kalasi ya Cingelezi

M'mwezi wa Juni caka catha ndinakhala pa benci lakumbuyo m'kalasi ina ya sekondale m'boma la Angónia, kuonerera mmodzi wa ophunzira athu a zauphunzitsi amene anali pa nthawi yoyeserera nchito. Kunali cisanu columa zala, ndipo ana ambiri ankalemba atakwinya mapewa. Phunziro linali la nthawi ya mneni imene m'Cingelezi amati "past perfect". Mnyamatayo anakonzekera bwino ndithu. Analemba pa bolodi lamulo lakuti liwu loti "had" lizitsatidwa ndi maonekedwe acitatu a mneni, anapereka ziganizo khumi zokhala ndi mipata, ndipo ana anadzaza mipatayo mosavuta. Ambiri anakhoza pafupifupi zonse.

Kutatsala mphindi zocepa kuti belu lilire, ndinapempha mpata. Ndinalemba ziganizo ziwiri, "When I arrived, the bus left" ndi "When I arrived, the bus had left", ndipo ndinafunsa kuti mwa anthu awiriwa ndi uti amene anaiona basi ndi maso ake. Kalasi yonse inangoti zii. Ndinabwereza funsolo m'Cipwitikizi. Manja awiri anakwera mokayika n'kutsikanso. Ndiye ndinanena m'Cinyanja kuti wina akuti, "Nditafika, basi inanyamuka," pamene mnzake akuti, "Pamene ndinafika, basi inali itanyamuka kale." Mtsikana wina wa pafupi ndi zenera sanadikire kuti alozedwe. "Aphunzitsi," anatero, "woyambayo anaiona ikupita. Waciwiriyo anapeza pa siteji palibe kanthu." Anzake anaseka, pakuti yankholo linali lapafupi kwa aliyense.

Ana omwewo anali atangokhoza ziganizo khumi osadziwa cimene "had" amanena. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo makope odzaza ndi mayankho okhoza nthawi zina amakhala otero. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense amene ndimamuphunzitsa uphunzitsi kuti akafika pa "past perfect", ndiponso pa afotokozi a Cingelezi othera ndi "-ed" ndi "-ing", aziyamba ndi Cinyanja. Cifukwa cake n'cakuti pa mitu iwiriyi Cinyanja cimasiyanitsa momveka bwino zinthu zomwezo zimene Cingelezi cimasiyanitsa, ndipo mwana amabwera nako kudziwa kumeneku kucokera kwawo.

Tiyambe ndi nthawi ya mneni. Nchito ya "past perfect" ndi kusanja zinthu ziwiri zakale, kuti womvera adziwe cimene cinayamba kucitika. Cinyanja cimacita zimenezi ndi kamphatikira kakang'ono, "-ta-", kakatsagana ndi "-nali": anali atadya, tinali titafika, mvula inali itagwa. Mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi amadziwa kale mphamvu ya mawu amenewa. Mbuzi zikadya cimanga ca eni ake, iye amati, "Amayi, pamene ndimafika zinali zitalowa kale m'munda." Akudziwa kuti akanena kuti "nditafika zinalowa", mlandu ndi wake. Amene angathe kudziteteza ndi ndondomeko ya zocitika safunika kuuzidwa kuti ndondomekoyo ndi ciyani. Akungofunika kuonetsedwa m'mene Angelezi amaiyankhulira.

Kufananaku kumapitirira. Pokana, Mngelezi amati "she had not eaten", ife timati "anali asanadye". Pofotokoza cinthu cimene cinatenga nthawi cina cisanacitike, iye amati "we had been waiting for two hours when the bus came", ife timati "tinakhala tikudikira kwa maola awiri basi isanabwere". Kamphatikira "-ku-" ka mu "tikudikira" kamaonetsa kupitirira kwa nchito monga m'mene "-ing" wa mu "waiting" amacitira. Mphunzitsi akalemba ziganizo zotere moyang'anizana pa bolodi, ana eni ake amayamba kuloza zigawo zofanana iye asanafotokoze.

Ena adzati Cipwitikizi cimakwanira, popeza "tinha saído" ndi "had left" anapangidwa mofanana: mneni wothandiza ndi mneni wamkulu pambuyo pake. Izi n'zoona, ndipo kufanana kumeneku n'kothandiza. Koma kwa ana ambiri a m'midzi ya Angónia, Tsangano, Macanga kapena m'mphepete mwa nyanja ku Niassa, Cipwitikizi ndi cilankhulo ca m'kalasi, cimene amacigwiritsa nchito polemba mayeso koposa pokangana, poseka ndi podandaula. Tikafotokoza cosadziwika ndi cinthu cimene mwana akucidziwa mwatheka, amaloweza maonekedwe n'kusiya tanthauzo. Conco ndondomeko imene ndimalimbikitsa ndi iyi: Cinyanja cipereke tanthauzo, Cipwitikizi cionetse kapangidwe, kenaka Cingelezi citenge nthawi yonse yotsala.

Pa afotokozi ndiye phindu la Cinyanja limaonekera kwambiri. Mphunzitsi aliyense wa Cingelezi anawerengapo m'kope la mwana mawu akuti "I am boring", pamene mwanayo ankafuna kunena kuti watopa nalo phunziro. Wadzinena yekha kuti ndi munthu wotopetsa. Apa Cipwitikizi cimasokoneza m'malo mothandiza, pakuti liwu limodzi lomwelo, "aborrecido", limagwira mbali zonse ziwiri. "Estou aborrecido" ndi munthu amene watopa nazo, "é aborrecido" ndi cinthu cotopetsa. Kusiyana kwake kuli pa mneni, osati pa mfotokozi. Mwana amene wangouzidwa kuti "bored" ndi "aborrecido" ndiponso "boring" ndi "aborrecido" alibe poyambira.

M'Cinyanja kusiyanaku kuli m'kati mwa liwu lenilenilo. Munthu amakhala wotopa, nchito n'kukhala yotopetsa. Mlendo ndi wodabwa, nkhani ndi yodabwitsa. Kholo ndi lokhumudwa, zotsatira za mayeso ndi zokhumudwitsa. Mwana ndi wosangalala, gule ndi wosangalatsa. Msintho wocititsa umenewu, "-ts-", "-its-" kapena "-ets-", umatiuza kuti ici ndico cikubweretsa maganizowo mwa wina. Ndiye "tired" ndi wotopa, "tiring" ndi yotopetsa. "Surprised" ndi wodabwa, "surprising" ndi yodabwitsa. "Disappointed" ndi wokhumudwa, "disappointing" ndi zokhumudwitsa. Palibe mwana wolankhula Cinyanja amene anganene kuti "ndine wotopetsa" akacokera kumunda. Tikamuonetsa kuti "I am tiring" akutanthauza zomwezo, amaseka, ndipo colakwa cimene munthu wadziseka naco sicibwerera kawirikawiri.

Afotokozi ena a gulu lomweli amagwirizana ndi misintho ina ya mneni wathu. "A stolen bicycle" ndi njinga yobedwa, "a broken chair" ndi mpando wothyoka, "a written letter" ndi kalata yolembedwa. Zonsezi ndi zinthu zimene zacitidwa kanthu kapena zagweredwa kanthu. Mbali inayo, "a crying child" ndi mwana wolira, amene akucita yekha nchitoyo. Motero lamulo limene ana angalipeze okha n'lakuti mfotokozi wa "-ing" amanena za wocita kapena wocititsa, pamene wa "-ed", pamodzi ndi anzake monga "stolen" ndi "broken", amanena za wocitidwa.

Ndiyenera kunenanso pamene Cinyanja cimalekezera, cifukwa mphunzitsi amene salabadira malirewa amabzala zolakwa zatsopano. Coyamba, si "-ta-" aliyense amene amafuna "had". "Atafika, anakhala pansi" m'Cingelezi nthawi zambiri amangoti "When he arrived, he sat down", pakuti zinthuzo zikutsatana mwacibadwa. Cimene cimaitana "had" ndi "anali ata-", pamene wokamba nkhani wabwerera m'mbuyo kukatenga cinthu cimene cinacitika kale. Ana akapanda kuuzidwa izi amathira "had" m'ciganizo ciliconse ca m'nkhani. Caciwiri, maonekedwe acitatu a aneni monga "gone", "taken", "seen" ndi "eaten" alibe cothandizira m'Cinyanja kapena m'Cipwitikizi. Amenewa ndi oloweza basi, pang'onopang'ono, m'ziganizo zenizeni.

Nanga m'phunziro la mphindi 45 zimenezi zingatheke bwanji? Mphindi zisanu zoyamba, funsani ana awiri kapena atatu kuti asimbe m'Cinyanja tsiku limene anafika mocedwa kwinakwake: kucigayo, kumsika, ku mpira. Lembani pa bolodi ciganizo cimodzi ca mwana aliyense cokhala ndi "anali ata-", ndipo funsani kalasi kuti cinayamba ndi citi. Pansi pa ciganizo ciliconse lembani ca Cipwitikizi, kenaka ca Cingelezi. Mukatero fufutani mizere iwiri yapamwamba, ndipo kuyambira pamenepo kalasi iyankhule Cingelezi cokha. Ana akhale awiriawiri, wina ayambe ndi "When I got home", mnzake amalize ndi cimene cinali citacitika. Pa afotokozi citani cimodzimodzi: ana apereke mawu apawiri monga wokwiya ndi wokwiyitsa, inu mupereke "annoyed" ndi "annoying", kenaka aliyense alembe ziganizo ziwiri za moyo wake, cimodzi ca m'mene anamvera, cina ca cimene cinamucititsa. Ziganizo za mipata zibwere pomaliza, zitatha izi.

Madandaulo amene ndimamva kwa aphunzitsi anzanga ndi atatu. Loyamba n'lakuti nthawi ya Cingelezi ndi yocepa kale, ndipo mwana ayenera kucimva kwambiri m'mene angathere. Ndikuvomereza. N'cifukwa cake ndikukamba za mphindi zisanu, osati phunziro lonse. Mphindi zisanu zimene zimatsegula tanthauzo zimapulumutsa masabata obwereza lamulo losamveka. Laciwiri n'lakuti m'kalasi muli zilankhulo zingapo: mumzinda wa Tete ambiri ndi olankhula Cinyungwe, ku Niassa Cinyanja cimakhala pamodzi ndi Ciyao. Zilankhulo zimenezi ndi za banja limodzi la Cibantu ndipo nazonso zili ndi msintho wocititsa. Pemphani ana kuti anene "wotopa" ndi "cotopetsa" m'cilankhulo cao, mudzaona kuti phunziro lalemera. Lacitatu ndi la mphunzitsi amene anatumizidwa kuno kucokera kucigawo cina ndipo sadziwa Cinyanja. Iyeyo asade nkhawa: ziganizo azipereka ndi ana, iye nchito yake ndi kufunsa kuti cinayamba ndi citi, ndani akumva ndipo n'ciyani cikucititsa.

Pali dandaulo lina limene silinenedwa poyera. Phunziro lija litatha, wophunzira wanga anandiuza motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, inenso ndinaganiza zofotokoza m'Cinyanja, koma ndinaopa kuti mundilembera kuti ndalephera." Mantha amenewa ndikuwadziwa. Inenso ndinakulira m'sukulu imene kulankhula cilankhulo ca kwathu m'kalasi kunali mlandu, ndipo ngakhale nditamaliza maphunziro a ukacenjede ndinatenga nthawi kuti ndileke kucita manyazi nako. Komatu dziko lathu linasankha kale njira ina. Kuyambira 1993 mpaka 1997, nchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Cinyanja ndi Cipwitikizi m'cigawo ca Tete, ndiponso m'Xichangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'masukulu a boma, ndipo ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imati boma limalemekeza zilankhulo za dziko lino monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. N'zodabwitsa kuti timavomereza Cinyanja pophunzitsa mwana wa kalasi yoyamba kuwerenga, koma mwana yemweyo akakula n'kufika pa cilankhulo cacitatu, timamuuza kuti acisiye pakhomo.

Cingelezi n'cofunika kwa ana athu. Maiko onse asanu ndi limodzi amene timagawana nawo malire amacigwiritsa nchito m'zaboma, ndipo Mozambique analowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Pa malire a Calómuè kapena Zóbuè Cinyanja cimakwanira pa malonda a mbatata ndi nyemba, koma mapepala a tsidya linalo amalembedwa m'Cingelezi. Mnyamata amene adzalembe m'kalata yofunsira nchito kuti "I am interesting in this job" adzaoneka ngati sanaphunzire, conseco kusiyana kwa wokondwera ndi wokondweretsa ankakudziwa asanayambe n'komwe sukulu. Mlandu umenewo udzakhala wa ife amene tinali ndi mpata womulumikizira ziwirizi koma tinakhala cete.

Conco, aphunzitsi anzanga, musanakaphunzitse mitu imeneyi khalani pansi ndi kope, mulembe ziganizo zisanu za "anali ata-" zocokera m'moyo wa ana a m'dera lanu, ndi mawu apawiri asanu monga wotopa ndi wotopetsa. Mukamaliza phunziro, musafunse kokha kuti ndi angati akhoza kudzaza mipata. Lembani ziganizo ziwiri zija za basi, mufunse kuti ndani anaiona ikunyamuka, ndipo muwerenge manja.