Magalimoto Awiri a Mtundu Umodzi

M'chigwa cha Henga, kumene msewu wa M1 umatsata mtsinje wa South Rukuru podzera ku Phwezi usanatsetsereke ku Chiweta, mukaona mlimi wa fodya akusunga ma Land Rover awiri ofanana ngati mapasa, musafulumire kumuweruza kuti ngwodzikuza, pakuti makolo anati kali kokha n'kanyama. Sipuling'i ya galimoto imodzi ikathyoka atanyamula wodwala pamsewu wa ku Mhuju m'nyengo ya dzinja, zipangizo zili kutali ku Mzuzu, iye amamasula ya galimoto inzakeyo, mabawuti nalowa bwino lomwe, wodwala nafika kuchipatala tsiku lomwelo. Komatu chikondi chiliponso: iliyonse amaizindikira ndi kulira kwa injini, ndipo ngakhale ogula amuchonderere chotani, salola kuwalekanitsa.