Makomiti a M'malokeshoni Apatsidwe Malo, Asalandidwe Buku

Munthu wokhala ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Mchengautuwa amadziwa bwino kuti zinthu zambiri zimene zimasunga moyo m'malo amenewa sizichokera ku ofesi. Mlatho wa matabwa umene ana amawolokerapo popita kusukulu, ngalande imene imapatutsa madzi a mvula kuti asagwetse khoma la zidina, wezulo amene amalira pakati pa usiku mbala ikathyola zenera, zonsezi ndi ntchito za eni malowo, amene anasonkhana m'kalasi ya sukulu Loweruka masana nasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malo amene a mapulani sanawayeze. Manja a khonsolo ndi aafupi, sangafike ponseponse. Tsono akuluakulu a Chipani ndi antchito a Boma ayenera kulingalira mofatsa za m'mene angakhalire ndi makomiti amenewa, chifukwa mbiri ya zaka zapitazi yaonetsa poyera chimene chimawalimbitsa ndi chimene chimawapha.

Nkhani ya nyumba ndiyo iyenera kuyamba, popeza phunziro lake ndi lalikulu. M'chaka cha 2003 amayi ena a ku Mtandire mu Lilongwe, ambiri mwa iwo okhala m'nyumba za lendi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, anayamba kusonkha ndalama tsiku ndi tsiku. Wotolera ankayenda khomo ndi khomo, ndipo kandalama kalikonse kankalembedwa m'buku. Magulu otere anachuluka nakhala chitaganya cha anthu osowa pokhala, chotchedwa Malawi Homeless People's Federation, chimene chinkagwira ntchito pamodzi ndi bungwe la CCODE. Thumba lawo la ngongole za nyumba analitcha Mchenga, ndipo dzinalo likudzifotokoza lokha: kambewu kamodzi ka mchenga sikaoneka ndi maso, koma palibe nyumba imene imaima popanda mchenga.

Atakhala ndi ndalama m'buku, amayiwa sanapite ku khonsolo kukapempha zachifundo. Anapita kukakambirana za malo. M'zaka zochepa anapatsidwa mapuloti pafupifupi 760 m'mizinda itatu: ku Area 49 mu Lilongwe, ku Angelo Goveya mu Blantyre, ndiponso ku Mzuzu. Chofunika kuchisunga mumtima ndi chimene antchito a Boma anachita pa nthawiyo. Puloti ya masiku onse inali ya masikweya mita 450, ndipo wosauka sakanatha kuilipira. Akuluakulu a mapulani anavomera kuti mapuloti akhale a masikweya mita 150 mpaka 200, kuti misewu ichepetsedwe kuchoka pa mamita 12 kufika pa mamita 9, ndiponso kuti nyumba zimangidwe ndi zidina zouma ndi dzuwa. Njerwa anaumba okha eni nyumbazo, madzi anatunga okha, ndipo buku la ndalama linakhala m'manja mwawo. Boma linapereka chimene komiti singathe kudzipatsa yokha, ndicho malo ndi chilolezo cha lamulo, ndipo linalekera pomwepo.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Anthu atalowa m'nyumba, kubweza ngongole kunayamba kutsimphina, ndipo thumba lozungulira likaleka kuzungulira amene amalira ndi amene adakali pamzere. Ndiponso mapuloti 760 ndi dontho chabe poyerekeza ndi unyinji wa mabanja ofuna pokhala. Koma amene amanyoza ntchito imeneyi ayang'ane kumene wosauka amapita akamanidwa malo. Amakwera phiri kapena kutsikira m'khwawa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche nizikwirira nyumba za ku Chilobwe ndi malo oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atafa ndipo ena oposa 500 anasowa. Nkwapafupi kunena kuti anthuwo anamanga mosatsata lamulo. Chovuta ndi kuloza puloti imene analozeredwa naikana.

Tsono pali chitsanzo china chimene chiyenera kuwerengedwa mosapsa mtima ndi atsogoleri a nthambi ndi a madera a Chipani, chifukwa chikukhudza iwo eni. Ndicho cha mipopi yogulitsira madzi m'malokeshoni a Lilongwe. Chisanafike chaka cha 2006, yambiri mwa mipopi imeneyi inkayendetsedwa ndi makomiti amene anagwidwa ndi anthu amphamvu a m'deralo, ena mwa iwo a ndale. Amayi ankalipira pa ndowa iliyonse, koma ndalamazo sizinkafika ku Lilongwe Water Board. Ngongole inakula, ndipo chilango cha kudulidwa madzi chinkagwera mayi amene analipira kale. Zinthu zinasintha pamene bungwe la madzilo, mothandizana ndi WaterAid, linakhazikitsa mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, okhala ndi malamulo olembedwa, ogulitsa madzi olembedwa ntchito, ndi ndalama zosungidwa ku banki. Ngongole zakale zinayamba kubwezedwa ndipo mipopi inapitiriza kutulutsa madzi. Madzi anali omwewo, anthu anali omwewo. Chimene chinasintha ndi dzanja logwira buku.

Mtsogoleri wa Chipani amene amaganiza kuti akulimbitsa Chipani poika mlamu wake pa mpando wa msungichuma wa komiti ya m'lokeshoni akudzinamiza. Lokeshoni ili ngati msika: muli a zipani zonse, a mipingo yonse, a mitundu yonse, Mtumbuka kukhala khomo limodzi ndi Mlomwe. Komiti ikangodziwika kuti ndi ya mtundu wina wa nsalu, theka la anthu limaleka kusonkha, ndipo theka lotsalalo limayamba kuyembekeza kuti bwana wa ndale ndiye alipire. Mlatho ukagwa, dzina limene limatukwanidwa pa chigayo ndi la Chipani chomwecho.

Pa nkhani ya umbanda, malire a komiti ndi a Boma ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ndondomeko yakuti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera inayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 linaipatsa maziko. M'malokeshoni ambiri mabanja amasonkha ndalama pa mwezi, ndipo anyamata amalondera usiku ndi tochi, wezulo ndi zibonga. Palibe angatsutse kuti kumene ulonda wotere ukuyenda bwino, anthu amagona tulo. Mbala imaopa kwambiri malo amene anthu amadziwana mayina.

Koma ulonda umawonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya buku lomwe lija. Ndalama zikasonkhedwa koma anyamata osalipidwa, ena amaleka, ndipo ena amayamba kudzilipira okha poimitsa anthu obwera ku ntchito ya usiku ndi kuwalanda zimene anyamula. Yachiwiri ndi yoopsa koposa, ndipo mwini wake ndi Boma. Lamulo limalola munthu wamba kugwira wakuba amene wampeza akuba, koma limamulamula kuti ampereke kwa apolisi mosachedwa, ndipo malamulo aakulu a dziko amati womangidwayo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Tsono anyamata akagwira munthu pakati pa usiku, naimba lamya kupolisi, nayankhidwa kuti galimoto ilibe mafuta, amatsala ndi woganiziridwayo pakati pa khamu lokwiya mpaka kutacha. Matayala ndi petulo zimabwera nthawi imeneyo. M'chaka cha 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inadandaula kuti anthu osachepera 16 anaphedwa ndi makamu m'dziko muno m'miyezi iwiri yokha. Wootchedwa saimbidwa mlandu, ndipo palibe amene adzadziwe ngati analidi wakuba kapena mlendo wosochera njira. Mkulu wa apolisi amene amayamika ulonda wa m'madera pa msonkhano, koma osasiya galimoto ndi wapolisi woyankha lamya usiku, wawasenzetsa anthu katundu amene si wawo.

Za zinyalala nazonso zili chimodzimodzi. Komiti ingathe kusesa msewu, kufukula ngalande, ndi kuletsa anthu kutaya matewera mumtsinje. Amayi ena a ku Mtandire anaphunzira ngakhale kusandutsa zinyalala zowola kukhala manyowa ogulitsa. Chimene komiti singathe ndi kunyamula mulu wa zinyalala kuchoka ku Ndirande kukafika nawo ku dzala la Mzedi, kapena kuchoka ku Chinsapo kukafika ku Area 38. Galimoto ya khonsolo ikapanda kubwera, mvula yoyamba ndiyo imanyamula, ndipo zonse zimathera mu Nasolo, mu Mudi ndi mu Lingadzi. Singathenso komiti kulowa pa chipata cha fakitale ndi kuyeza madzi akuda amene akutayidwa mumtsinje. Imeneyo ndi ntchito ya woyendera wa Boma amene ali ndi chikalata ndi mphamvu ya lamulo. Mu Novembala 2020 Boma linakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse kamodzi pa mwezi, ndipo mwambo woyamba unachitikira ku Chinsapo. Ganizolo linali labwino, koma tsache la tsiku limodzi silingalowe m'malo mwa galimoto ya mlungu ndi mlungu. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 nupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Mtengo wa ngalande yotsekeka ndi chimbudzi chosefukira ndi umenewo.

Pa za moto ndi magetsi, mabanja pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse a m'tauni amaphikira makala, ndipo wofuna kuona kumene njira imeneyi imathera ayang'ane phiri la Ndirande, limene linali ndi nkhalango mpaka zaka za m'ma 1990. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene analowa m'malo mwa magetsiwo ndi makala omwewo. Chitsanzo cholimbikitsa chili kumudzi, koma a m'tauni angatolepo nzeru. Kwa Bondo m'boma la Mulanje, anthu anathandiza ndi manja awo kukonza ngalande yotenga madzi a mtsinje wa Lichenya kupita ku makina ang'onoang'ono opangira magetsi, ndipo magetsiwo anafika kuchipatala, kusukulu ndi m'nyumba. Ntchitoyo inaikidwa m'manja mwa bungwe la MEGA, limene linalandira chilolezo cha Boma chopanga ndi kugulitsa magetsi, ndipo wofuna magetsi amayamba walipira. Apanso anthu anapereka thukuta ndi ndalama, Boma linapereka chilolezo. Makomiti a m'malokeshoni amene akufuna kuika nyale za dzuwa m'misewu yamdima, kapena kuphunzitsa mabanja mbaula zosatha nkhuni monga ya Chitetezo, sakusowa china koma zomwezo.

Pali chifukwa chimene makomiti ndi atsogoleri a mabuloko anakulira mphamvu chotere m'mizinda. Makhansala amene anasankhidwa m'chaka cha 2000 anatha nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo maliro ankaikidwa, milandu ya malire inkaweruzidwa, milatho inkakonzedwa. Khansala wa lero amene apeza komiti yolimba m'wodi mwake asaione ngati mdani wolimbirana naye ulemu. Ntchito yake ndi kunyamula mawu a komitiyo kupita nawo ku msonkhano wa khonsolo ndi kubwera ndi yankho lokhala ndi tsiku.

Kwa wantchito wa Boma zofunika ndi zapafupi kuzitchula ngakhale zili zolemera kuzichita. Kalata ya komiti yopempha malo iyankhidwe ndi kalata, osati ndi mawu akuti "mubwerenso mawa". Tsiku limene galimoto ya zinyalala imadutsa m'deralo lilengezedwe, ndipo likaphonyeka anthu auzidwe chifukwa chake. Nambala ya lamya ya polisi imene yapatsidwa kwa alonda ikhale yoyankhidwa usiku. Kwa mtsogoleri wa Chipani chofunika ndi chimodzi, ndipo mwina ndicho chovuta koposa kwa munthu amene anazolowera mpando wakutsogolo. Pa msonkhano wa komiti apite monga mwini nyumba wa m'deralo, nsalu ndi baji atasiya kunyumba, asonkhe monga asonkhera anzake, ndipo mwezi ukatha akhale pa benchi amve msungichuma akuwerenga poyera ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi mayina a amene sanapereke, ngakhale dzina lina litakhala lake.