Asiyeni a m'Vipya agone

Kukacha bwino, mitambo itachoka, munthu ukaima pamwamba pa Phiri la Dedza umatha kuiona nyanja chakum'mawa, kupitirira zigwa za Golomoti ndi Mtakataka, ili mbee ngati lata latsopano. Mwezi wathawu ndinakwera phirili ndi mnzanga wina, mwana wa konkuno, amene masiku ano amaperekeza alendo odzaona dziko. Titafika pansonga, tikupumira m'mwamba, iye analoza nyanja n'kunena kuti: "Aise, chuma chathu chagona pansi apo. Tikanapeza kasitima koyenda pansi pa madzi, n'kumatsitsa azungu kukaona Vipya, bwenzi madola akusefukira muno." Ndinaseka. Koma potsika phiri nkhaniyo inandikhala pamtima, pakuti aka sikanali koyamba kumva maganizo otere. Lero ndikufuna kumuyankha poyera, iye pamodzi ndi onse oganiza ngati iye.

Tiyambe ndi Vipya imene akuitchulayo, popeza ana ambiri a masiku ano dzinali amangolidziwa ngati la mapiri a kumpoto. Vipya inali sitima yatsopano ya m'nthawi ya atsamunda. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, inakumana ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, kunsi kwa Livingstonia. Inagudubuzika n'kumira, ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Mukapita ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, mukapeza chikumbutso chawo. Amenewa anali agogo a anthu, amalume a anthu, apongozi a anthu. Malo amene agonawo ndi manda. Nanga ndi liti pamene Amalawi tinayamba kudulitsa matikiti pamanda? Kwathu kuno munthu sulowa kumsitu popanda chilolezo cha amfumu ndi adzukulu, ngakhale kukathyola nkhuni kumene. Madzi aphimba mafupa aja, inde, koma sanachotse ulemu wake.

Mnzangayo adzati ndikulankhula zachikale. Chabwino, tilankhule zamakono. Pa 18 Juni 2023, kasitima kotchedwa Titan, ka kampani ya ku America ya OceanGate, kanatsika m'nyanja ya Atlantic kukaonetsa anthu zotsalira za Titanic, chisitima chimene chinamira mu Epulo 1912 n'kupha anthu oposa 1,500. Mpando umodzi unkagulidwa madola 250,000. M'katimo munali anthu asanu: mwini kampani Stockton Rush, katswiri wa ku France Paul-Henri Nargeolet amene anali atatsikirako kambirimbiri, mpondamatiki wa ku Britain Hamish Harding, ndi Shahzada Dawood pamodzi ndi mwana wake Suleman, mnyamata wa zaka 19. Maola awiri asanakwane, kulumikizana kunaduka. Patapita masiku anayi, zidutswa zake zinapezeka pansi, chapafupi ndi Titanic yomweyo. Madzi anakaphwanya ngati dzira, ndipo palibe anapulumuka.

Anthu akumtunda ngati ife sitidziwa kuti madzi amalemera bwanji. Timangodziwa ndowa ya pamutu. Titanic yagona pa mamita pafupifupi 3,800. Phiri lathu la Dedza, poyeza kuchokera pamwamba pa nyanja ya mchere, ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200; ndiye kuti mutaliimika pansi pamenepo, nsonga yake ikhoza kutsala kutali ndithu osatulukira. Pakuya motero, kamalo kakang'ono ngati chikhadabo kamasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 400. Amenewo ndi matumba asanu ndi atatu a chimanga, pa chikhadabo chimodzi! Tsono werengani zikhadabo zimene zingakwane pa thupi lonse la sitima. Galimoto ikafa pa Khwekhwerere, mumatsika, kuika mwala kuseri kwa tayala, n'kudikira makaniko. Pansi pa nyanja palibe potsikira. Kamng'alu kamodzi basi, nkhani yatha munthu asanaphethire.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ngoziyi sinabwere mwakabisira. Thupi la Titan linapangidwa ndi carbon fibre, pamene masitima ena otsika kuya chotero amapangidwa ndi zitsulo zolimba zoyesedwa kale. Kasitimako kanalibe chiphaso chochokera ku mabungwe oyeza masitima. Mu 2018 mkulu woyang'anira ntchito zapamadzi pakampanipo, David Lochridge, anachenjeza za chitetezo chake, ndipo malipiro ake anali kuchotsedwa ntchito. Okwera ankasayina chikalata chovomereza kuti akhoza kufa. Mu Ogasiti 2025 asilikali olondera magombe a ku America, a US Coast Guard, anatulutsa lipoti lonena kuti ngoziyi inali yopeweka. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo inagweranso ena amene anangokhulupirira mawu a mwini sitima.

Tsono tabwerani nazo kwathu. Nyanja ya Malawi si thamanda. Kumpoto imazama mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kunsi, madzi ake alibe mpweya wopuma, moti ngakhale nsomba sizikhalako. Munthu wodziwa kumira ndi botolo la mpweya kumsana, amene amachita izi posangalala, salangizidwa kupitirira mamita 40. Kasitima ka alendo katakodwa pansi kufupi ndi Chitimba, adzakavuula ndani? Pofunafuna Titan panasonkhana ndege ndi masitima a America, Canada ndi France, okhala ndi zida zamtengo wosaneneka, komabe anabwerako ndi zidutswa. Ife tikumbuke chisoni chathu. Pa 10 Juni 2024 ndege imene inanyamula malemu Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa, ndipo inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, pa mapiri a Viphya omwewo. Pamenepo panali pamtunda, poyendeka ndi miyendo, komabe dziko lonse linagona usiku wathunthu lili m'chimbulimbuli. Nanga pansi pa madzi, mumdima wa bii?

Ndikudziwa kuti pali ena a mtima wabwino amene adzanditsutsa. Adzati mbiri yathu isatayike, adzukulu a omwalira ali ndi ufulu wodziwa, ndipo sayansi siyenda ndi mantha. Ndikugwirizana nawo ndithu. Koma kodi zimenezi zikufuna kuti munthu wamoyo atsekeredwe m'chitini n'kuponyedwa pansi? Pamene gulu la Robert Ballard ndi Jean-Louis Michel linapeza Titanic mu 1985, linagwiritsa ntchito makamera okokedwa ndi chingwe, anthu ali pamwamba. Sitima ya Endurance, imene inamira ku Antarctica mu 1915, inapezeka mu Marichi 2022 pa mamita opitirira 3,000, ndipo anaipeza ndi makina opanda munthu. Ngakhale zidutswa za Titan zinaonedwa ndi makina oyendetsedwa kuchokera pamwamba. Ngati akatswiri a mbiri yakale akufuna kujambula Vipya, atumize makina, apemphe mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi abale a omwalira, ndipo zithunzizo zikasungidwe kunyumba yosungira zakale kuti ana asukulu aziona. Makina akawonongeka tidandaula ndalama. Sitidzakhala pa maliro.

Chimene mnzangayo akugulitsa si mbiri kapena sayansi ayi. Akugulitsa matama, kuti munthu wolemera akadzitame kwawo kuti anafika pamene anzake sanafike. Ndipo dziko limathamangira olemera. Masiku anayi Titan isanamire, pa 14 Juni 2023, bwato la asodzi lodzaza ndi anthu othawa kwawo linamira pafupi ndi Pylos ku Greece. Anapulumuka anthu 104, ndipo mazanamazana anapita, amayi ndi ana omwe. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, mu Meyi 2023, mvuu inagubuduza bwato la anthu 37 pa mtsinje wa Shire ku Nsanje. Khanda la chaka chimodzi linafa, ndipo anthu oposa 20 anasowa tsiku limenelo. Anali kupita kuminda kwawo, osati kokaona zodabwitsa. Mawayilesi a dziko lonse ankawerenga maola a mpweya wotsala mu Titan. Ndani anawerenga maola a anthu a ku Nsanje?

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Vuto lathu pa nyanja si kusowa kwa kasitima kokaonera akufa. Vuto ndi kusowa kwa zopulumutsira amoyo. Aliyense amene anakwerapo bwato la injini m'mbali mwa nyanja akudziwa zimene ndikunena: anthu, matumba a usipa, njinga, mbuzi, mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa, koma jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi osaoneka. Ndinafunsapo woyendetsa wina, ndipo anandiyankha kuti, "Achimwene, chakudza sichiimba ng'oma, ingokwerani." Pepani, mwera umaimba ng'oma. A zanyengo amachenjeza pa wayilesi chaka ndi chaka. Lamulo loyendetsera masitima pa nyanja ndi mitsinje lilipo kuyambira 1995. Sukulu yophunzitsa zapamadzi ilipo ku Monkey Bay. Chosowa ndi munthu woima pagombe n'kunena kuti bwato ili ladzaza, silinyamuka. Ndipo Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, patapita zaka zisanu Vipya itamira, yadutsa zaka 70. Gogo wotere safunika kusenzetsedwa yekha miyoyo ya anthu a ku Likoma ndi Chizumulu.

Choncho kwa mnzanga uja, ndi kwa aliyense wa ku Capital Hill amene tsiku lina adzalandire mlendo wa tayi wonyamula zithunzi za kasitima konyezimira, ndikuti: mufunseni chiphaso chake, mufunseni amene anakayeza, mufunseni amene adzavuule anthu zikadzavuta. Akayamba kukamba za madola m'malo moyankha, muonetseni msewu wa ku eyapoti. Mtengo wa mpando umodzi wa mu Titan ukanagula majekete zikwizikwi, okwanira madoko ambiri kuyambira ku Chipoka mpaka ku Chilumba.

Alendo abwere ndithu. Tiwakweze Phiri la Dedza, tiwaonetse zojambula za makolo m'mapanga a ku Chongoni, asambire ndi mbuna ku Cape Maclear pamene dzuwa limafika pansi. Koma a m'Vipya asiyeni agone. Ulemu umene tingawapatse ndi kuonetsetsa kuti mwera wa chaka chino usawonjezere dzina lina pa mndandanda wawo.