Wogulitsa mbande azinena zoona za mitengo ya m'phiri

Nyengo yodzala mitengo, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndi nthawi imene ogulitsa mbande ku Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi ku Balaka amaona ndalama. Ndi nthawi yomweyonso imene ena amadziphera okha msika pogulitsa mtengo wosayenera dera la wogula.

Chitsanzo ndi mitengo ya m'phiri yosayoyola masamba. Wina ndi yellowwood, wa matabwa achikasu, umene akatswiri anautcha Podocarpus milanjianus potengera dzina la phiri la Mulanje. Winanso ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino. Ikakhala m'machubu imakongola, ndipo kasitomala womanga nyumba kapena loji sachedwa kutulutsa ndalama.

Koma mitengoyi kwawo ndi kozizira, kwa nkhungu ndi mvula yambiri, monga pamwamba pa mapiri a Mulanje ndi Zomba. Yellowwood akali wamng'ono amafuna mthunzi, dothi lachinyezi koma losadikha madzi, manyowa a masamba owola ndi kuthirira nthawi ya chilimwe. Amakulanso pang'onopang'ono, moti wodzala ayembekezere zaka makumi angapo asanaganize za matabwa. Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Shire, kuphatikizapo chiswe, ndi mayeso amene mbande yotere imavutika kupirira.

Ena amati wogula ndi mfumu, apatsidwe chimene wafuna. Koma mbande ikauma, mfumuyo siloza dzuwa chala. Imaloza amene anaigulitsa, ndipo imauza anzake. Phindu la tsiku limodzi limathamangitsa makasitomala a zaka zambiri.

Wamalonda wanzeru amayamba wafunsa kumene mtengo ukadzalidwe. Wa kumtunda, kufupi ndi phiri la Malosa, angathe kuyesa yellowwood atauzidwa kasamalidwe kake. Wa ku Balaka kapena Liwonde alozeredwe nimu ndi keshya wa mthunzi ndi nkhuni, msangu wobwezera chonde m'munda, kapena mbawa ngati malo ake ali m'mbali mwa mtsinje.

Kuzula timitengo m'nkhalango yotetezedwa ngati ya Liwonde popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020. Wofuna mbewu afunse ku ofesi ya zankhalango ya boma lake.

Kasitomala amene mtengo wake waphuka amabweranso chaka chamawa, ndipo sabwera yekha.