Chitomero chokhalitsa: gemu yolonjezedwa ija ili kuti?

Pa 10 Juni 2018, mu mzinda wa Los Angeles ku America, kampani ya Bethesda idaonetsa anthu kakanema kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe. M'kakanemako mudalibe munthu kapena nyama. Mudangooneka mapiri, zigwa ndi nyanja chapatali, kenaka dzina lakuti The Elder Scrolls VI. Anthu amene adali m'holomo adakuwa ngati timu yawo yachinya chigoli. Koma chaka cha 2025 chidafika, patatha zaka 7, kampaniyo isanatchule tsiku loti katunduyo adzatuluke.

Katundu wake ndi gemu, masewera aja ochitira pa kompyuta kapena pa makina olumikiza ku wailesi yakanema. Imeneyi si yofanana ndi timagemu ta mpira tomwe anyamata amadina pa foni podikira minibasi pa Calómuè. Ndi nthano yaitali imene wosewerayo amalowamo yekha n'kukhala mwini nkhani.

Chimene chidautsa njala yonseyi ndi gemu yachisanu ya mtundu womwewu, yotchedwa Skyrim, imene idatuluka pa 11 Novembala 2011. Wosewera amayamba ali mkaidi woti adulidwe mutu, ndipo amapulumuka pamene chinjoka chamapiko cholavula moto chagwera mudziwo. Kuchokera apo njira ndi yake. Akafuna amakalimbana ndi zinjokazo, akafuna amaphunzira kusula malupanga, kumanga nyumba, ngakhale kukwatira. Ena atha zaka akuyendayenda m'dziko lopekalo osafika kumapeto kwa nthano. Mu 2023 mkulu wa opanga gemuyi, a Todd Howard, adanena kuti idagulidwa maulendo oposa 60 miliyoni.

Tsono anthu ochuluka chotere akapatsidwa kakanema ka mapiri okhaokha, mkangano sulephera.

Mkangano woyamba ndi wa malo. Nthano zonsezi zimachitika m'dziko lopeka lotchedwa Tamriel, ndipo kawirikawiri gemu iliyonse imatenga chigawo chake. Okonda gemuyi adaimitsa kakanema kaja, n'kuyamba kuyerekeza mapiriwo ndi mapu a Tamriel ngati mafumu poweruza mlandu wa malire a munda. Ena adati ndi ku High Rock. Ambiri adati ayi, nthaka youma chonchija ndi ya ku Hammerfell, kumene kuli chipululu cha Alik'r. Kumeneko ndi kwawo kwa mtundu wa a Redguard, anthu akhungu lakuda odziwika ndi luso la lupanga ndi kuyenda panyanja. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti nthano zambiri zotere zimachitika m'maiko a chisanu ndi a nyumba zamiyala zonga za ku Ulaya, wakuda n'kumangooneka ngati mlendo wodutsa. A Redguard adakhalapo eni nkhani mu gemu ina yaing'ono ya mu 1998, koma si ambiri adaisewera. Kakanema ka 2018 sikadatchule dzina la chigawo chilichonse, choncho mbali zonse ziwiri zidangotsala ndi mapiri omwewo ngati umboni.

Mkangano wachiwiri ndi wa ndalama. Mu 2021 kampani ya Microsoft, mwini wa makina osewerera a Xbox, idamaliza kugula kampani yaikulu imene Bethesda ili pansi pake pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Amene adagula makina a PlayStation, opangidwa ndi kampani yopikisana nayo ya Sony, mitima idangoti myuu. Mantha awo adakula mu 2023 pamene gemu ina ya Bethesda, Starfield, idatuluka pa Xbox ndi pa kompyuta pokha.

Koma mkangano weniweni ndi wa nthawi. Oikira kumbuyo kampaniyo amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gemu zamakono zimafuna anthu mazanamazana ndi zaka zambiri, ndipo gulu lomwelo lidayenera kumaliza kaye Starfield. Amakumbutsanso anzawo za Fallout 76, imene idatuluka mu 2018 ili ndi zolakwika zambiri, anthu n'kuinyoza koopsa. Chophika mothamanga chimatuluka chosapsa.

Zimenezo n'zoona, koma sizikuyankha funso. Palibe akunena kuti nsima aipakule isanapse. Funso n'lakuti adaitaniranji anthu kudzasamba m'manja chimanga chisanapite n'kuchigayo komwe? Mnyamata akapereka chitomero n'kupita ku Joni, zaka 7 osatumiza ngakhale kalata, a kuchikazi akadandaula sanganenedwe kuti ndi opupuluma. A Howard eni ake adavomera mu 2023 kuti akadakhala ndi mwayi wobwereza, akadalengeza nkhaniyi mosachita phokoso. Ndipo anthu ali chidikirire, kampaniyo idagulitsanso Skyrim yomweyo itaipaka utoto watsopano mu 2016, mu 2017 ndi mu 2021. Apa ndiye odandaula amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo zikuoneka kuti kampaniyo mwambiwu ikuudziwa bwino kuposa ogula ake.

Kudikira kumeneku kuli ndi nkhope. A Shirley Curry ndi gogo wa ku America amene adabadwa mu 1936. Adatchuka pojambula makanema akusewera Skyrim n'kumaika pa YouTube, ndipo oonera awo amawatcha zidzukulu. Gogoyu atadandaula kuti mwina sadzakhalapo pamene gemu yatsopano idzatuluke, zidzukuluzo zidasonkhanitsa maina kupempha kampani kuti iwakumbukire. Mu 2019 Bethesda idavomera. Idawaitana, n'kujambula nkhope ndi thupi lawo ndi makina kuti adzakhale mmodzi wa anthu a m'nthanoyo. Lidali khalidwe labwino, ndipo palibe adatsutsa.

Mu Juni 2023, pa mlandu wina wokhudza Microsoft, a Phil Spencer, omwe pa nthawiyo adali mkulu wa Xbox, adauza bwalo kuti gemuyi idakali kutali ndi zaka 5 kapena kuposerapo. Kuwerenga kuchokera pamenepo, ndiye kuti 2028 ikafulumira. A Curry akuyenera kukwanitsa zaka 92 m'chaka chimenecho.