Phiri silidziwa kuti munalipira kale

Mwezi wa Malichi ukafika pakati, anthu a m'mizinda ya ku Ulaya amayamba kuvula majekete, koma pamwamba pa mapiri a Alps chisanu chimakhala chikadali m'chimake. Iyi ndiyo nyengo ya ulendo wa Haute Route, wochoka ku Chamonix m'dziko la France, m'tsinde mwa phiri la Mont Blanc, kukathera ku Zermatt ku Switzerland, kunsi kwa Matterhorn. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120, ndipo anthu amauyenda masiku 6 kapena 7 atavala ma ski, matabwa aatali aja otsetserekera pa chipale chofewa. Mbali yaikulu ya njirayi mulibe zingwe zokwezera anthu, mulibenso makina osalaza chipale. Phiri lililonse umalikwera ndi miyendo yako, katundu ali kumsana. Angelezi a bungwe la Alpine Club ndiwo anaitulukira akuyenda pansi m'chilimwe cha 1861, ndipo mu 1911 Marcel Kurz ndi anzake anafika ku Zermatt pa ma ski.

Amadikira kumapeto kwa nyengo yozizira chifukwa cha ming'alu. Njirayi imadutsa pamwamba pa mitsinje ya madzi oundana, ndipo madziwo ali ndi ming'alu yakuya moti nyumba yosanja ikhoza kubisalamo. Chipale cha miyezi inayi chimakhala chitaitseka pakamwa n'kulimba, munthu n'kumadutsa bwinobwino. Dzuwa nalo limakhala litayamba kuchedwa kulowa, ndipo nyumba zogona za m'phiri zimakhala zitatsegulidwa.

Kukwera phiri utavala chinthu choterera kuli ndi luso lake. Kunsi kwa thabwa lililonse amamatako kansalu kaubweya. Ubweyawo unagona mbali imodzi, choncho ukakankha phazi kutsogolo thabwa limaseseleka, koma likafuna kubwerera m'mbuyo ubweya umaimirira n'kuluma chipale. Kale ankagwiritsa ntchito zikopa za akatumbu a m'nyanja. Lero ndi ubweya wa mbuzi za Angora wosakaniza ndi nayiloni. Chidendene chimakhala chomasuka pokwera. Ukafika pampata wa phiri umamatula nsalu zija, kuzipinda, kuziika pachifuwa m'kati mwa jekete kuti ulimbo wake usaume ndi kuzizira, kumanga chidendene, basi n'kuyamba kutsika.

Chimene chimalamula ulendo wonsewu ndi wotchi. Anthu amadzuka kukadali mdima, kumwa tiyi mwachangu, n'kutuluka matochi ali pamphumi. Usiku chipale chimauma gwa, ndipo chimanyamula munthu. Dzuwa likakwera chimayamba kulowa madzi, ndipo pofika masana malo otsetsereka amene m'mawa anali abwino akhoza kugumuka onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake pakhomo pa nyumba yogona wolondolera amaima ndi kachipangizo m'manja, aliyense n'kumadutsa pafupi naye, kuti amve ngati kawailesi kamene wavala pachifuwa kakulira. Munthu akakwiririka, anzake amamufufuza potsata kulira kwa kawailesiko, kubaya-baya chipale pomufunafuna ndi ndodo yaitali, kenako n'kufukula ndi fosholo. Mwa anthu 10 ofukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, pafupifupi 9 amapezeka amoyo. Pakadutsa theka la ola, ambiri amakhala atatsamwa. Helikoputala siingafike m'nthawi imeneyo. Wokupulumutsa ndi amene wadya naye m'mawa.

Komatu ngozi ziwiri zimene zandikhalitsa pansi kulemba izi sizinali za chipale chogumuka. Pa 29 Epulo 2018 anthu 14, a m'magulu awiri, anagwidwa ndi namondwe akudutsa phiri la Pigne d'Arolla, lotalika pafupifupi mamita 3,800. Nkhungu ndi mphepo zinafafaniza chilichonse, kumwamba ndi pansi n'kuoneka chimodzimodzi, mbuu. Anasochera, ndipo usiku unawapeza panja pamalo opanda pobisala. Anthu 7 anamwalira, mmodzi mwa iwo ali wolondolera wodziwa ntchito yake. Kutacha, opulumutsa anawapeza pamtunda wosakwana kilomita imodzi kuchoka pa nyumba ya Vignettes, m'mene munali moto, supu ndi mabulangete.

Pa 9 Malichi 2024 anthu 6, asanu a banja limodzi, ananyamuka ku Zermatt kulowera kumudzi wa Arolla. Namondwe anawatsekereza pafupi ndi phiri la Tête Blanche. Mmodzi anakwanitsa kuimba foni, koma helikoputala inalephera kuuluka, ndipo opulumutsa oyenda pansi anabwerera panjira. Madzulo a tsiku lotsatira anapeza mitembo isanu, pali zizindikiro zoti anayesa kukumba dzenje lobisalamo. Wachisanu ndi chimodzi anapezeka mu Ogasiti, chipale chitasungunuka.

Sindikuweruza anthu amene anapita. Kulankhula uli pa mpando wofunda n'kosavuta. Chimene ndikudandaula nacho ndi mmene ulendowu umakonzedwera masiku ano. Malo m'nyumba zogona amasungitsidwa kukadali miyezi, usiku uliwonse nyumba yake. Munthu wapempha tchuthi kuntchito, walipira wolondolera ndalama zambiri, tikiti ya ndege yobwerera ili m'thumba. Ndiye m'mawa wa tsiku lachinayi mitambo yayamba kusonkhana chakumwera. Pagome aliyense wakhala chete, maso ali pa wolondolera, ndipo iye akudziwa kuti akanena zoti lero sitikwera, wina abwerera kwawo akumunena kuti ndi wamantha. Ndondomeko ya masiku ija imasanduka bwana, pamene phiri silidziwa kuti munalipira kale.

Chonsecho njira zothawira zilipo. Kuchoka pa nyumba ya Dix, munthu akhoza kusiya Pigne d'Arolla n'kutsikira kumudzi wa Arolla, kumene kuli basi ndi bedi. Akhozanso kungokhala tsiku lonse m'nyumba, kusewera makhadi. Bungwe la SLF la ku Davos limalengeza tsiku lililonse kukula kwa chiopsezo cha chipale, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo imfa zambiri zimachitika pa 3, pamene zinthu zimaoneka ngati n'zotheka ndithu. Pa 5 palibe amene amatuluka. Vuto lili pa tsiku limene mtima ukunena kuti mwina tidutsa.

Ine ndimaukonda ulendowu, ndipo sindingauze munthu kuti ausiye. Tsiku lomaliza, pamene umadutsa mipata itatu, Col de l'Évêque, Col du Mont Brulé ndi Col de Valpelline, kenako Matterhorn n'kutulukira patsogolo pako, ndi mphotho yoyenera thukuta lake. Ndimangofuna kuti wolondolera amene wabweza gulu lake azipatsidwa ulemu wofanana ndi amene walifikitsa ku Zermatt, komanso kuti makampani ogulitsa maulendowa aziikamo tsiku limodzi lapadera lodikira nyengo.

Kwathu kuno chipale kulibe, koma nkhaniyi si yachilendo. Pa Mulanje anthu amayendanso kuchoka nyumba ina kupita ina, Chambe, Thuchila, Chisepo, ndipo chiperoni chikatsika pa Sapitwa, pa mamita 3,002, munthu saona ngakhale mwala uli patsogolo pake. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anapitirira yekha atasiya womulondolera, ndipo anafa ndi kuzizira. Inu amene mukukonza zokwera phiri chaka chino, kaya ku Alps kaya ku Mulanje, gwirizanani musananyamuke ola limene mudzabwerere ngakhale nsonga ikuoneka pafupi, ndipo wolondolera akati tibwerere, musamutsutse.